Kufika pa Dalingi

Mwezi wathawu foni ya mwana wanga wamkazi inalira ili patebulo, mwini wake ali kubafa. Sindinaigwire, Mulungu ndi mboni, koma paja maso alibe uku n'kwa apongozi. Mnyamata amene akumuzungulirazungulira masiku ano anali atalemba mawu awiri okha, "Hi babe", basi. Ndinapsa mtima. Mwana ndamuphunzitsa mpaka kukoleji, munthu wamkulu wolandira malipiro akeake, wina n'kumamutcha khanda? Ndinayamba kulalata kuti achinyamata a lero sadziwa kulemba kalata, sadziwa ulemu, sadziwa ngakhale pamene moni amayambira. Mayi ake anali pakhonde akusankha nyemba. Anandisiya ndilankhule mpaka mpweya unandithera, kenako anangofunsa kuti kodi amene akunena zimenezi ndi ineyo. Ndinakhala pansi. M'nyumba muno muli nkhani imodzi imene imandikhazika pansi, ndipo ndi bwino ndiifotokoze ndekha asanaifotokoze iwo.

Nthawi imeneyo, mafoni asanalowe m'thumba la aliyense, ndinali kalaliki wa pasikelo pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo. Ntchito yanga inali kukhala m'shedi, anthu othyola tiyi n'kumabwera pamzere ndi madengu awo, ine n'kumayeza masamba thirakitala isanawatengere kufakitale. Sukulu ndinalekera Fomu 2, koma kumalaini, nyumba za antchito zondondozana zija, Fomu 2 inali yunivesite. Ndinkayenda ndi mabolopeni atatu m'thumba la malaya, ngakhale yolemba inali imodzi.

Tikaweruka, amuna ankabwera kwa ine mmodzimmodzi, akucheukacheuka ngati akudzagula kachasu. Ankafuna kalata yofunsira. Ndipo kalata yofunsira inkayenera kukhala ya Chingerezi, pamenepo panalibe zokambirana. Ya Chichewa inali yolengeza maliro kapena yopempha ufa kumudzi. Mkazi akalandira ya Chichewa ankati mwamunayu sanavutike n'komwe, wangolemba ngati akulembera amalume ake. Panalinso chifukwa china chimene sitinkachinena. Kwathu kuno mwamuna saitana mkazi ndi mawu okoma. Bambo anga anakhala ndi mayi anga mpaka imvi, akulankhulana Chilomwe ndi Chichewa chomwe, koma sindinawamvepo akuwaitana mwina kuposa kuti "inu", ndipo tsiku limene akondwa kwambiri ankati "amake ana". Chingerezi chinali ngati jombo. Ukavala umaponda matope alionse osamva kanthu.

Ndinali ndi kope la chikuto chofiira m'mene ndinandandalika malonje onse a kalata, lililonse pamakwerero ake. Ena ndinawatenga kwa aphunzitsi athu a Chingerezi kusekondale, ena m'buku lina lothothoka masamba limene ndinalitola litatayidwa kuseri kwa ofesi. "Dear Sir" anali wa abwana manijala, popempha tchuthi kapena podandaula za denga lodontha. "Dear" payekha anali wa abale. Zachikondi zinkayambira pa "My dear", ndipo kalata yoyamba sinkapitirira pamenepo ngakhale munthu alire bwanji. Mkazi akapanda kuing'amba, akamwetulirako pang'ono pamzere wa sikelo, yachiwiri inkakwera kufika pa "My darling". "Sweetheart" ndinkamutulutsa pokhapokha mwamuna atalumbira kuti wauza kale amalume ake. Pamwamba penipeni panali "Honey". Ameneyo sindinam'patsepo munthu, ndinkasungira tsiku langa.

Malamulo amenewa ndinkawasunga kuposa abusa. Mlonda wina wa pageti anabwera ndi tambala wamkulu m'khwapa, ati ndimuyambitsire pa switihati chifukwa mkaziyo akufunidwanso ndi wina wa ku Bvumbwe wogulitsa tomato. Ndinam'funsa ngati anaonapo munthu akuyamba kukwera mtengo kunsonga. Anachonderera, anatukwana, anachondereranso. Anabwerera ndi diya wake, tambala anatsala.

Tsopano chinsinsi chake nachi: kalata yeniyeniyo inali imodzi. Ndinaipeka kamodzi kokha, Loweruka lina masana, ndipo inandikomera kwambiri moti ndinaona kuti kupeka ina n'kunyoza luso. Inkanena kuti wolembayo sakugona, chakudya sichikumukomera, mtima wake ukuwira ngati boila ya kufakitale, ndipo mkaziyo ndiye duwa lokhalo m'munda wonse wa tiyi. Masamba awiri odzaza. Ndinkangosintha malonje pamwamba ndi dzina pansi. Yachiwiri inali yomweyo, yachitatu yomweyo, malonje okha ndi amene ankakwera. Eni ake sankadziwa Chingerezi, ankangoyang'ana kutalika kwake n'kugwedeza mutu, n'kundisiyira mapeyala, nthochi kapena chinangwa. Kalatayo inkayenda m'dengu la mlongo wa mwamunayo mpaka ifike kwa mwini wake.

Akazi olandirawo nawonso ambiri Chingerezi sankachidziwa. Mukuganiza kuti ndinafunsapo kuti ankawawerengera ndani? Ayi ndithu. Ndinkangoona zinkhoswe zikuchitika, ine n'kumadya mpunga pampando wakutsogolo, n'kumanong'oneza woyandikana naye kuti banja ili ndi la bolopeni yanga. Safunsa anadya phula.

Pasukulu ya pulaimale ya pa esitetipo panali aphunzitsi ena aakazi ochokera ku Ntcheu, osakwatiwa, a Sitandade 6. Njira yawo yopita kusukulu inkadutsa kumbali kwa shedi yanga. M'nyengo ya chiperoni, nkhungu itatseka minda yonse, ndinkayamba kuona ambulera yakuda, kenako juzi yobiriwira, kenako iwo, makope a ana atawapanira pachifuwa. Ankandipatsa moni, mwadzuka bwanji akalaliki. Ine amene ndinkakalipira mzere wonse chifukwa cha masamba onyowa, lilime linkalemera. Ndinawakonda, ndinene mosabisa, ndinawakonda mpaka lamba kufuna bowo lina. Sikelo inkapachikidwa pamtanda wakutsogolo kwa shedi, pamene njira sinkaoneka. Ndinauza akapitao kuti mtandawo waola, tsiku lina udzagwera munthu, ndipo sikelo inasamukira pangodya yoyang'ana kunjira. Akapitao anandiyamikira kuti ndili ndi maso.

Kenako ndinamva kuti aphunzitsiwo apempha kuti teremu ikatha awasamutsire kufupi ndi kwawo. Ati kuno kukuzizira, ndipo alibe chowasunga. Ndikapanda kulankhula teremu imeneyi, ndiye kuti basi, ndidzatsala ndi sikelo yanga pangodya ndikuyang'ana nkhungu.

Ndinakwera minibasi mpaka ku Limbe kukagula pepala la maluwa m'mbali ndi envelopu ya buluu. Pobwerera ndinaganiza mozama. Munthu wophunzira chotere sungamuyambitse pansi ngati wothyola tiyi, komanso nthawi ya makalata atatu inalibe. Ndiye ine mwini malamulo ndinaswa malamulo. Ndinatenga makwerero onse anayi n'kuwasanjikiza pamzere umodzi, "My dear darling sweetheart honey". Pansi pake ndinalemba kalata yomwe ija, boila ndi duwa zonse, chifukwa mankhwala amene achiritsa mudzi wonse suwasintha tsiku limene wadwala mwini wake. Ndinawazamo paudala pang'ono n'kumata.

Ndinaipereka kwa mlongo wanga, amene ankathyola tiyi pa esiteti pomwepo ndipo ankaimba kwaya limodzi ndi aphunzitsiwo. Anaitembenuza, anainunkhiza, n'kundifunsa ngati m'katimo muli zomwe zija ndimalembera anthu ena. Ndinam'kalipira kuti iye za Chingerezi akuzidziwira kuti, agwire ntchito imene ndam'tuma. Anaiika m'dengu lake n'kunena kuti chabwino achimwene, ikafika. Atafika pamsewu ndinamumva akuseka, koma ndinkayesa wakumana ndi anzake.

Panapita masabata awiri opanda yankho. Aphunzitsi ankadutsa, moni yemweyo, mwadzuka bwanji akalaliki, nkhope osasintha. Sindinkagona. Chakudya sichinkandikomera. Pachifuwa pankatentha. Kwa nthawi yoyamba chilembedwere, kalata ija inali ikunena zoona.

Lachisanu lina mlongo wanga anandiuza kuti ndikufunika kunyumba kwa aphunzitsi Lamulungu masana, tikatuluka m'tchalitchi. Ndinabwereka jekete kwa alamu anga, manja ake ofupika, ndinapolisha nsapato kawiri ngakhale ndinkadziwa kuti dothi lofiira la kuno silimva polishi. Nyumba za aphunzitsi zinali kuseri kwa sukulu, pansi pa mabulugamu. Njira yonse ndinkabwereza mumtima ziganizo za Chingerezi zoti ndikayankhe akandilola.

Nditakhota pangodya ndinafuna kubwerera. Pakhonde panali mphasa, pamphasa amayi asanu a kumalaini, onse owadziwa, atatu mwa iwo okwatiwa ndi bolopeni yanga, wina akuyamwitsa. Mlongo wanga anali pomwepo, maso ali kumwamba ngati akuwerenga malata. Aphunzitsi anandilandira mwaulemu, anandipatsa kampando, n'kundipempha kuti ndidikire pang'ono athane ndi alendo amene anafika poyamba.

Mmodzi mwa asanuwo, mtsikana wothyola tiyi, anamasula mfundo ya pachitenje n'kutulutsa kalata. Ndinaizindikira isanafike n'komwe m'manja mwa aphunzitsi. Ndinali nditailemba Lachinayi, ya dalaivala wa thirakitala. Pamenepo m'pamene mutu wanga unayamba kugwira ntchito. Amene ankawerengera akazi onse a kumalaini makalata anga, Lamulungu lililonse pakhonde lomweli, anali iwowa.

Sanaitambasule n'komwe yonse. Anangopinda kachigawo ka pamwamba n'kusuzumira. Amayi aja anasendera.

"Wafika pati, amadamu?"

"Wafika pa dalingi."

Panamveka kanthungululu kapansipansi. Mayi wina wamkulu, mkazi wa mlonda wa tambala uja, anadandaula kuti wake anakhala pa diya dzinja lonse. Aphunzitsi anayamba kufunsa mtsikanayo ngati dalaivalayo amamwa, ngati alibe mkazi wina kwa Changata, ngati mayi ake anawaonapo. Atamva mayankho anamuuza kuti mwamunayu akuti akukufunani, ndipo ngati nanu mukumufuna mumuuze atumize amalume ake. Anaipinda n'kumubwezera. Masamba awiri, thukuta langa lonse, chiganizo chimodzi!

Ine ndi munthu wa mtima wapachala, ndipo manyazi akandigwira amasanduka mkwiyo. Ndinaiwala chimene ndabwerera. Ndinafunsa kuti nanga zina zonsezo bwanji sakuziwerenga, munthu anakhala pansi kulemba zimenezo.

Anandiyankha ndi mkazi wa mlonda. Anati yake ndi imene inali yoyamba kufika pakhonde limenelo, ndipo amadamu anam'masulira yonse, osasiya ngakhale liwu limodzi. Iye anachita mantha. Mwamuna wosagona, wosadya, m'chifuwa mukuwira, chimenecho si chifuwa chachikulu? Anatumiza uthenga kuti ayambe wapita kukiliniki, za banja pambuyo. Ndipo za duwa zija zinam'pweteka mpaka lero. Duwa lomera m'munda wa tiyi ndi udzu, akapitao akaliona amakutuma kuti ukalizule. Anangomulola mlondayo chifukwa anamuona akutungira mayi ake madzi. Chiyambire tsiku limenelo amadamu anaona kuti pansi pa kalatayo sipasintha, ndiye anayamba kumawerenga mzere wapamwamba wokha, chifukwa ndi pokhapo pamene panali nkhani.

Aphunzitsi anawonjezera mofatsa kuti kalatayo si yoipa, anachita kuiloweza. Anayamba kuilakatula m'Chingerezi osayang'ana papepala, ndipo atafika pa boila amayi onse asanu analandira limodzi ngati kwaya, anthu osadziwa Chingerezi. Ngakhale woyamwitsa uja. Jekete la alamu linanyowa kumsana.

Kenako aphunzitsi analowa m'nyumba n'kutuluka ndi envelopu ya buluu. Poitsegula paudala anagwera pasiketi pawo. Anauza amayi aja kuti apite akaone ngati madzi a tiyi awira. Anadzuka onse asanu, mlongo wanga wachisanu ndi chimodzi, kupita kukaona ketulo imodzi. Khitchini inali yaudzu, mapazi khumi kuchokera pakhonde, ndipo mipango yawo inkaonekera m'mipata.

Aphunzitsi anati kalata iyi yokha yawavuta. Ena onse amawadziwa pamene aima, koma uyu waponda makwerero onse nthawi imodzi, sakudziwika ngati akukwera kapena akugwa. Ndipo iwo amene amawerengera anthu onse, alibe wowawerengera.

"Akalaliki, inu ndinu odziwa. Tandiwerengerani m'Chichewa."

Anandipatsa pepala lija. Ndinatsokomola. Ndinayamba ndi mzere wapamwamba, mawu anga okalipira mzere wa sikelo aja atasanduka a nkhuku yonyowa. Wokondedwa wanga. Wokondedwa kwambiri. Mtima wotsekemera. Nditafika pa uchi, kukhitchini kunamveka munthu akutsamwa, wina akumumenya kumsana. Ndinayang'ana mizere yotsatira, kusagona, boila, duwa lozulidwa ndi akapitao, ndipo ndinadziwa kuti pakamwa panga sizituluka. Jombo zija anali atandivula, ndaima pamatope ndi mapazi.

Ndinafuna kuimirira, kuponya pepalalo pansi, kuwauza kuti sindinabwere kudzasekedwa ndi akazi a kumalaini. Mawuwo anali atafika kale pakamwa. Koma ndinakumbukira kuti teremu yatsala ndi masabata atatu, ndipo ndikachoka pakhonde limenelo ndi mkwiyo wanga sindidzabwereranso. Ndinapinda kalatayo n'kuiika pabondo. Ndinalankhula ndikuyang'ana nsapato zanga zofiira.

"Aphunzitsi, mtanda wa shedi uja sunaole. Ndinawanamiza akapitao. Ndinasuntha sikelo kuti ndizikuonani mukamadutsa. Tsiku limene simunadutse ndimakalipira anthu osalakwa. Ndamva kuti mukufuna kubwerera kwanu, ndipo ine sindikufuna kuti mupite. Ndilibe njinga yamoto, ndine wamkwiyo, mwadzionera nokha. Koma mukalola, nditumiza amalume."

Aphunzitsi anasasa paudala pasiketi pawo pang'onopang'ono, mpaka ndinayamba kuganiza kuti ndalankhula zopusa kuposa za uchi zija. Kenako anatambasula dzanja, anatenga kalata ija pabondo panga n'kuibwezera mu envelopu yake.

"Iyi mwanena ndi pakamwayi ndiye sindinaiwerengepo," anatero.

Anawonjezera kuti ku Ntcheu ndi kutali, amalumewo adzalawirire. Mlongo wanga anatuluka m'khitchini ndi nthungululu imene inamveka mpaka kumalaini, ndipo ketulo ija anaipeza itauma, palibe amene anathiramo madzi.

Pofika Lolemba esiteti yonse inali itamva. Pamzere wa sikelo munthu akaika dengu, wina kumbuyo ankafunsa kuti wafika pati, mzere wonse n'kuyankha kuti pa uchi. Akapitao anapita kukagogoda mtanda uja ndi chikwanje, n'kundiyang'ana. Amuna ankabwerabe kudzafuna makalata, ine n'kumawauza kuti apite akanene ndi pakamwa. Ankandiona ngati ndapenga. Anasamukira kwa kalaliki wina wa kufakitale, amene ndinamva kuti anabwereka kalata yanga kwa mlonda n'kuikopera yonse, boila ndi duwa lomwe. Mbava yopanda manyazi.

Aphunzitsi sanasamuke. Ndi omwe aja anali kusankha nyemba pakhonde. Envelopu ya buluu ili pansi pa sutikesi yawo, ndipo sachita kuitulutsa, amangoyang'ana kuchipinda ine ndikayamba kukweza mawu. Mwana wathu atatuluka kubafa tsiku lija anatenga foni yake, anawerenga, n'kumwetulira. Mayi ake anam'funsa kuti wafika pati. Anayankha kuti akuti amalume ake abwera mwezi wamawa. Ine ndinati abwere, koma mwini wakeyo adzayambe wakhala pakampando apa n'kunena ndi pakamwa pake, m'Chichewa, foni ili m'thumba.

Zaka zonsezi sindinawaitanepo mayi akewo kuti dalingi, ngakhale diya. Ndimati "inu", ngati bambo anga. Akuphunzitsabe, atsala pang'ono kupuma, ndipo ine ndinapuma kale. Mpando wanga pakhonde uli pangodya, pamene pamaonekera njira yochokera kusukulu. Ana ndinawauza kuti mbali inayo denga likudontha.